Amayi, Imani Nawo pa Chisankho cha Komiti ya Sukulu

Inu amayi a kuno ku Nsipe ndi midzi yozungulira, tsiku lina mwana wanu adzabwera ndi uthenga wa mphunzitsi wamkulu wakuti makolo onse akafike ku msonkhano wosankha komiti ya sukulu. Misonkhano yotere ndakhalapo yambiri ndipo mayendedwe ake ndi amodzimodzi. Ochuluka timakhala ife amayi, titakhala pansi, ana ali kumsana. Abambo amakhala owerengeka pa mabenchi pafupi ndi mafumu. Koma ikakwana nthawi yotchula mayina, ife tomwe timakweza manja ndi kutchula abambo. Mayi akatchulidwa amabisa nkhope m'chitenje nanena kuti, "Ine ayi, sukulu sindinapite nayo patali." Tikatero timabalalika, madandaulo athu nkukathera pa mjigo.

Kumbukirani kuti pamene boma la a Bakili Muluzi linachotsa fizi ku pulayimale mu 1994, ana a sukulu anachuluka kuchoka pa 1.9 miliyoni kufika pafupifupi 3 miliyoni m'chaka chimodzi. Zipinda zinachepa, aphunzitsi anachepa, ndipo ntchito youmba njerwa inagwera makolo. Kodi anatunga madzi oumbira njerwazo ndani? Nanga mchenga anasenza pamutu kuchokera ku mtsinje ndani? Ngati mitu yathu inatha kusenza mchenga, ingalephere bwanji kuganiza za chimene mchengawo umange?

Pa sukulu pali mabungwe atatu amene ambiri timawasokoneza. Pali bungwe la makolo ndi aphunzitsi, pali gulu la amayi lotchedwa Mother Group limene limalangiza atsikana, ndiponso pali komiti yoyendetsa sukulu. Amayi a Mother Group amagwira ntchito yotamandika, koma tisalole kuti atikankhire kumeneko tonse ngati kukhitchini. Nkhani za ndalama ndi zomangamanga zimagamulidwa m'komiti yoyendetsa sukulu. Ndalama za SIG, zimene boma limatumiza ku akaunti ya sukulu ku banki, zimagwira ntchito potsata pulani imene komiti, aphunzitsi ndi makolo agwirizana. Nzochepa, ndipo nthawi zina zimachedwa. Nchifukwa chake pafunika munthu wodziwa kutambasula ndalama yochepa, monga mumachitira inu ndi ufa wa mwezi wa February.

Tsono mukasankhidwa, muyambire pati? Ine ndikuti muyambire ku Sitandade 1 ndi 2. Boma limafuna kuti mphunzitsi mmodzi aziphunzitsa ana 60, koma pitani m'mawa mukawerenge nokha tiana timene takhala pafumbi m'makalasi amenewa. Mwana akadutsa pamenepa osadziwa kuwerenga, amangokwera kapena kubwereza kalasi mpaka kutopa, ndipo mayeso a Sitandade 8 sawaona. Pa sukulu ina, imene sinditchula dzina, tinakangana masana onse chifukwa ena ankafuna kupenta ofesi kuti alendo aziona kukongola, pamene ana a Sitandade 1 ankathawa mvula pansi pa mtengo. Tinagonja ndife, popeza m'komitimo munalibe wotiyankhulira. Ofesiyo ndi yokongoladi, sindikana.

Chachiwiri ndi chimene abambo sangachitchule pagulu, ngakhale atachidziwa. Mtsikana akatha msinkhu amafuna chimbudzi chokhala ndi chitseko, madzi pafupi, ndi kachipinda kosinthira. Zikasowa, amajomba masiku angapo mwezi ndi mwezi, maphunziro nkumudutsa, kenaka timangomva kuti wasiya. Dziwaninso kuti kuyambira 1993 boma limalola mtsikana amene anasiya sukulu chifukwa cha pakati kubwereranso akabereka, ndipo mu 2017 malamulo aakulu a dziko anasinthidwa kuti munthu wosakwana zaka 18 asalowe m'banja. Kwa anansi athu ku Dedza, Inkosi Theresa Kachindamoto inathetsa maukwati a ana mazanamazana ndi kubwezera anawo ku sukulu. Koma lamulo lilibe miyendo. Wopita kukagogoda pakhomo pa mtsikana woyamwitsa ndi kukamupezera malo m'kalasi ndi munthu wa pamudzi pompano. Paja akulu anati mwana wa mnzako ngwako yemwe.

Za kusaphunzirazo musadere nazo nkhawa kwambiri. Mayi amene amasunga kope la banki mkhonde chaka chathunthu, nagawa ndalama popanda ndewu, angathe kukhala msungichuma wa komiti. Udindo umenewu musauope, ndipo musakhutire ndi kungokhala membala wodzazitsa chiwerengero.

Musadikire tsiku la msonkhano. Yambani mwakambirana ndi amuna anu kunyumba, kuti asakamvere pagulu nkuchita manyazi. Pezani anzanu awiri, wina akatchule dzina lanu, wina akavomereze. Mukapatsidwa mpata woyankhula, perekani ulemu kwa mafumu ndi aphunzitsi, nenani zinthu ziwiri zokha zimene mukufuna kuchita, nkukhala pansi. Mawu ambiri amatopetsa anthu amene asiya makasu kumunda.

Sindikubisirani: ntchitoyi ilibe malipiro. Misonkhano ina idzagwa nthawi yopalira, ndipo miseche sidzalephera. Ena adzati mwayamba kudya ndalama za sukulu, ena adzati mukufuna kukwera pamutu pa amuna. Mankhwala a miseche yoyambayo ndi kulemba zonse ndi kusunga malisiti. Pemphani kuti ndalama zikafika, chiwerengero chake chilembedwe pa pepala lalikulu ndi kumatidwa pakhoma pamene kholo lililonse lingawerenge, pamodzi ndi zimene zagulidwa ndi mtengo wake. Mukaona kuti zinthu sizikuyenda ndipo simukumvedwa, kaonaneni ndi mlangizi wa sukulu za pulayimale wa chigawo chanu, uja timamutcha PEA. Pitani awiri kapena atatu, kope lanu lili m'manja.