Nkhalango ya Chikangawa sinathe tsiku limodzi

Tili m'minibasi yochoka pa Mzimba boma kupita ku Mzuzu, mng'ono wanga wa Fomu 4 anandifunsa: "Achimwene, dwindle ndi collapse n'chimodzimodzi?"

Ndinamulozera zitsa za ku Chikangawa m'mbali mwa msewu wa M1.

Collapse ndi kugwa kamodzin'kamodzi, ngati khoma la zidina zosawotcha m'dzinja. Dwindle ndi kutha pang'onopang'ono, ngati bandulo ya intaneti. Deplete ndi pamene pali wina akutapa osabwezera.

Nkhalango ya paini imeneyi, ya mahekitala pafupifupi 53,000, sinachite collapse ayi. Moto chaka ndi chaka, macheka osapuma, kubzala kochepa, basi.

Kuipa kwa dwindle n'koti sachita phokoso. Pano makala akudya nkhalango ya Perekezi, pafupi ndi boma pomwepa. Tidikire mpaka mawu oyenera adzakhale vanish, kuzimiririka?