Mtsempha waukulu ukafufuma, si kuti moyo watha

Mu Disembala 1948, madokotala a mumzinda wa New York ku America adachita opaleshoni Albert Einstein, katswiri wa sayansi wotchuka uja, pofuna kudziwa chomwe chinkamupweteka m'mimba. Adapeza kuti mtsempha wake waukulu wa magazi udali utafufuma kuposa lalanje lalikulu.

Masiku amenewo njira yosokerera mtsempha wina pamalo owonongeka idali isanapezeke. Choncho dokotala Rudolph Nissen adangokulunga chotupacho ndi pepala la cellophane kuti khoma lake likhwime. Einstein adatuluka m'chipatala n'kubwerera ku ntchito yake, ndipo adakhalanso ndi moyo zaka zoposa 6. Mtsemphawo udadzaphulika mu Epulo 1955. Iye adakana opaleshoni ina ndipo adamwalira pa 18 mwezi womwewo ali ndi zaka 76.

Matenda amene adatenga mkuluyu, omwe madokotala amawatcha aortic aneurysm, akadalipo, ndipo sasankha dziko. Koma lero munthu wopezeka nawo ali ndi mwayi umene Einstein adalibe: chotupacho chimayezedwa popanda kung'amba munthu, kakulidwe kake kamalondolozedwa, ndipo nthawi yoyenera opaleshoni imadziwika.

Chubu cha njinga

Mtsempha wa aorta ndiwo waukulu kuposa yonse m'thupi. Umachokera mumtima, umakhota pachifuwa, n'kutsika motsatira msana mpaka cha pamchombo pomwe umagawikana pawiri kulowera kumiyendo. Mwa munthu wamkulu, m'mimba mwake mwa mtsemphawu mumakhala pafupifupi masentimita awiri, ngati payipi yothirira mbewu kudimba.

Aliyense amene adakhalapo ndi njinga yakapalasa amadziwa zomwe chubu chimachita chikapyapyala mbali imodzi. Mukapopa, pamalo pofookapo pamatukuka ngati chibaluni, ndipo mukamawonjezera mpweya m'pamene pamapyapyalirabe. Ndi mmenenso zimakhalira ndi mtsemphawu. Khoma lake likafooka, mphamvu ya magazi ochokera mumtima imalikankha pang'onopang'ono mpaka kufufuma. Mtsempha wa m'mimba ukafika masentimita atatu, madokotala amati munthuyo ali ndi aneurysm. Kwa ambiri vutoli limakhala m'mimba, kumunsi kwa mitsempha yopita ku impso, koma kwa ena limakhala pachifuwa.

Chovuta n'chakuti nthawi zambiri matendawa samva kuwawa. Munthu amalima, kupita kumsika ndi kudya bwinobwino, pomwe mkati zinthu zikusintha. Paja akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu mkati muli nyerere. Ambiri amadziwika mwangozi, pamene akuunikidwa m'mimba kapena kujambulidwa pachifuwa chifukwa cha vuto lina.

Ena amamva chinthu chikugunda pamchombo ngati mtima, kapena ululu wa msana ndi m'mimba wosatherapo. Komabe si kugunda kulikonse kumene kuli matenda. Anthu ochepa thupi amatha kumva mtsempha wabwinobwino ukugunda akagona chagada. Chothetsa mkangano ndi makina a ultrasound, omwe aja amaunikira amayi oyembekezera. Kuyezako sikupweteka ndipo kumatenga mphindi zochepa.

Amagwira ndani?

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi abambo a zaka 65 kupita mtsogolo, makamaka amene amasuta kapena adasutapo fodya. Pa zonse zoyambitsa matendawa zomwe munthu angathe kuzipewa, fodya ndiye ali patsogolo, kaya ndi ndudu za m'sitolo, chingambwe kapena kaliwo. Einstein nayenso ankadziwika ndi kaliwo wake.

Kuthamanga kwa magazi, komwe ambiri amangoti BP, kumawonjezera vutoli. Kafukufuku amene unduna wa zaumoyo udachita mothandizana ndi bungwe la WHO m'chaka cha 2009 adapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa atatu alionse a zaka 25 mpaka 64 m'dziko muno adali ndi BP yokwera, ndipo ochuluka sankadziwa n'komwe.

Matendawa amayendanso m'magazi a kumtundu. Amene bambo, mayi kapena mbale wake wa bere limodzi adapezeka nawo ali pachiopsezo choposa anzake. Palinso matenda obadwa nawo otchedwa Marfan syndrome, amene amafooketsa makoma a mitsempha ngakhale mwa achinyamata. Eni ake nthawi zambiri amakhala aatali kwambiri, a manja ndi zala zazitali.

Kuno kum'mwera kwa Africa kulinso zifukwa zina. M'zaka za m'ma 1990, madokotala a ku Harare ndi ku Durban adalemba za anthu achichepere omwe adali ndi kachilombo ka HIV ndipo mitsempha yawo inkafufuma. Chindoko chomwe sichidachizidwe chimatha kubisala m'thupi zaka zambiri kenako n'kuwononga mtsempha wa pachifuwa. Kufufuma kobwera ndi tizilombo kotereku kumatha kukula msanga, choncho madokotala sakudikirira monga achitira ndi kwa ukalamba.

Bwanji osangochita opaleshoni?

Funso loyamba limene banja limafunsa likamva nkhaniyi ndi ili: ngati chinthucho chingaphulike, mukudikiranji? Ena amafika poganiza kuti dokotala wawataya, kapena kuti akufuna kangachepe.

Zoona zake n'zakuti opaleshoni ya mtsemphawu ndi yaikulu ndipo nayo imatha kutenga moyo. Pomwe chotupa chili chaching'ono, mwayi woti chiphulike m'chaka chimodzi ndi wochepa, pafupifupi munthu mmodzi pa 100 kapena kucheperapo. Kafukufuku wa ku Britain amene zotsatira zake zidatuluka mu 1998 adalondoloza odwala 1,090 omwe zotupa zawo zidali pakati pa masentimita 4 ndi 5.5. Ena adawachita opaleshoni msanga, ena adangowayang'anira powaunika pafupipafupi. Patapita zaka, kuthamangira mpeni sikudaoneke kuti kudapulumutsa anthu ochuluka kuposa kudikira.

N'chifukwa chake muyezo wa masentimita 5.5, womwe ndi kuposa pang'ono kutalika kwa bokosi la machesi, ndiwo malire amene madokotala ambiri amayambira kukamba za opaleshoni kwa abambo. Kwa amayi ambiri amayambira pa masentimita 5, chifukwa mitsempha yawo ndi yaing'ono ndipo imaphulika isanakule kwambiri. Opaleshoni imaganiziridwanso ngati chotupa chakula ndi sentimita yathunthu m'chaka chimodzi, kapena chayamba kupweteka.

Ku England, komwe abambo onse amaitanidwa kukaunikidwa akafika zaka 65, wa chotupa cha masentimita 3 mpaka 4.4 amaunikidwa kamodzi pachaka, pomwe wa masentimita 4.5 mpaka 5.4 amaunikidwa miyezi itatu iliyonse. Zotupa zing'onozing'ono zambiri zimakula ndi mamilimita awiri kapena atatu okha pachaka, moti anthu ena amakalamba n'kumwalira ndi matenda ena osafika pofuna opaleshoni.

Choncho wodwala aliyense adziwe nambala yake. Funsani dokotala kuti chotupacho ndi masentimita angati, alembe m'buku lanu la kuchipatala pamodzi ndi tsiku, ndipo akuuzeni lobweranso. Mbewa ya manyazi idafera kuuna.

Zochita pakhomo

Palibe mankhwala, a kuchipatala kapena achikuda, amene amaphwetsa mtsempha wofufuma. Kutema mphini, kuthowa kapena kusisita pamimba sikuthandiza. Koma pali zinthu zomwe wodwala ndi banja lake angachite.

Choyamba ndi kusiyiratu fodya, osati kungochepetsa. Mwa anthu osuta, chotupa chimakula msanga ndipo chimaphulika kawirikawiri kuposa mwa amene adasiya. Kusiya kumathandizanso mapapo kuti adzapirire tsiku la opaleshoni.

Chachiwiri ndi kugwira BP. Mankhwala monga amlodipine, enalapril ndi hydrochlorothiazide amagwira ntchito pokhapokha akamamwedwa tsiku lililonse. Chizolowezi chomwa mutu ukamapweteka n'kusiya ukaleka n'choopsa kwa munthu wa mtsempha wofooka. Yezetsani BP pafupipafupi ndipo isamapitirire 140/90, kapena muyezo umene dokotala wakupatsani. Ambiri amapatsidwanso mankhwala ochepetsa mafuta m'magazi, chifukwa munthu wa aneurysm amakhalanso pachiopsezo cha sitiroko ndi matenda a mtima.

Apa amayi ophika ali ndi gawo lalikulu. Bungwe la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu asamadye mchere wofika magalamu 5 patsiku, womwe ndi pafupifupi kasupuni kamodzi ka tiyi. Muyezowu ukuphatikiza mchere wobisika mu nsomba zouma, tchipisi, kanyenya ndi zokometsera ndiwo za m'mapaketi. Soda wophikira therere naye ali ndi sodium, chinthu chomwe chimakweza BP mu mchere. Chotsani kambale ka mchere pamkeka.

Chachitatu, musadzigoneke. Kuyenda, kupalasa njinga pamalo osakwera kwambiri, kugwira ntchito zopepuka kudimba ngakhalenso kukhala malo amodzi m'banja sikuletsedwa kwa munthu wa chotupa chaching'ono. Chofunika kusamala nacho ndi ntchito yofuna kudzikakamiza mpaka kugwira mpweya, monga kusenza thumba la feteleza la makilogalamu 50 kapena kukankha galimoto yotitimira m'matope, chifukwa BP imakwera mwadzidzidzi. Akabaza, onyamula katundu pamsika ndi oyendetsa minibasi akambirane ndi dokotala za ntchito yawo.

Chachinayi, samalani ndi mankhwala ogula m'magolosale. Mu 2018, bungwe loona za mankhwala ku America la FDA lidachenjeza kuti mankhwala a gulu la ciprofloxacin amawonjezera chiopsezo choti mtsemphawu ung'ambike mwa anthu amene uli wofooka kale. Mankhwalawa amagwiritsidwa ntchito kwambiri kuno kwathu pa matenda a m'mimba ndi a chikhodzodzo. Muuzeni aliyense wokulemberani mankhwala za vuto lanu kuti aone ngati pali ena. Amene ali pa ma ARV apitirize kumwa mosadumphitsa.

Pomaliza, uzani abale. Achimwene, alongo ndi ana amene afika zaka 50 ndi bwino akafunse zoti aunikidwe.

Nthawi ya opaleshoni ikakwana

Patangopita zaka zosakwana zitatu Einstein atakulungidwa cellophane, mu 1951, dokotala Charles Dubost wa ku Paris adakwanitsa kudula mbali yofufuma n'kusokererapo mtsempha wina. Lero madokotala amang'amba pamimba n'kusokerera kapayipi ka nsalu yolimba yotchedwa Dacron. Wodwala amakhala m'chipatala sabata imodzi kapena kuposerapo, ndipo mphamvu zimabwerera pakapita miyezi ingapo.

Njira yachiwiri, imene idatchuka dokotala Juan Parodi wa ku Argentina ataichita mu 1990, ndi yolowetsa kapayipiko kudzera m'mitsempha ya mphechepeche popanda kung'amba mimba. Wodwala amachira msanga, koma amafunika kumaunikidwabe moyo wake wonse, ndipo zipangizo zake n'zodula.

Opaleshoni zoterezi sizichitikira pachipatala chaching'ono. Zimafuna dokotala wa mitsempha, magazi okwanira ndi chipinda cha odwala mwakayakaya, ndipo akatswiri otere ndi ochepa m'dziko muno. Njira yake ndi kalata yochokera kuchipatala cha boma kupita ku chipatala chachikulu monga Queen Elizabeth ku Blantyre, Kamuzu Central ku Lilongwe, Zomba kapena Mzuzu. Odwala ena amatumizidwa kunja, monga ku India kapena South Africa. Zonsezi zimatenga nthawi, choncho musadikire kuti chotupa chifike masentimita 5.5 musanaonane ndi dokotala wa opaleshoni.

Zizindikiro zosafuna kudikira kuche

Mtsempha ukaphulika, munthu amataya magazi mkati mosaoneka. Pa anthu 10 amene zawachitikira, pafupifupi 8 amamwalira, ambiri asanafike n'komwe kuchipatala. Zizindikiro zake ndi ululu woopsa wadzidzidzi m'mimba, kumsana kapena pachifuwa, thukuta lozizira, chizungulire, mtima kuthamanga ndi kukomoka.

Zikatere musataye nthawi ndi panado, madzi otentha kapena kuitana akumudzi kuti adzakambirane. Mgonekeni wodwalayo, musamupatse chakudya kapena chakumwa, ndipo thamangirani kuchipatala chomwe chili pafupi. Mukafika, nenani msanga kuti ali ndi aneurysm ndipo onetsani buku lake.

Banja lanzeru limakonzeratu zimenezi masana kukadali kowala. Aliyense m'nyumba adziwe pomwe bukulo limakhala. Sungani pafoni nambala ya woyendetsa galimoto wodalirika wa pamalopo, ndipo ikani padera ndalama ya mafuta yosakhudzidwa ngakhale zitavuta bwanji.

Nkhawa ndi yosapeweka, makamaka miyezi yoyamba, ndipo ena amasowa tulo poganiza kuti akuyenda ndi imfa m'mimba. Kukamba ndi akunyumba, abusa, shehe kapena dokotala kumapepuza mtima. Kumbukirani kuti amene ali pangozi yaikulu ndi uja sakudziwa kuti mtsempha wake wafufuma. Wodziwa ali ndi nambala yake, tsiku lokaunikidwanso ndi nthawi yokonzekera. Ngati pakhomo panu pali bambo wa zaka 65 kapena kuposerapo amene adasutapo fodya, mukamapita naye kukayezetsa BP mufunsenso za kuunika m'mimba.