Zimene Khungu Limaulula za Nthenda Zobisika M'kati

Akale adati chakudza sichiimba ng'oma, ndipo mawuwa ngoona pa khansa yomera m'chiwindi, m'chifu kapena m'matumbo, pakuti imakula mwakachetechete mwini thupi akulima m'munda mwake kapena akugulitsa pamsika wa Chongwe; komabe Namalenga, mwa chifundo chake, adalola kuti nthawi zina khungu liziulula zobisikazo, ndipo ngakhale m'masiku a Mose wansembe ankayamba wapenda khungu asanagamule za nthenda ya munthu.

Maso akachita chikasu, mkodzo n'kuda, thupi n'kumayabwa usiku wonse, kawirikawiri njira ya ndulu imakhala itatsekeka, ndipo chotsekacho chikhoza kukhala chotupa cha m'chiwindi kapena m'kapamba. Tsono alimi a chimanga ndi mtedza asaiwale kuti chuku chomera pa mbewu zosauma bwino chimatulutsa poizoni wa aflatoxin, amene, akakumana ndi kachilombo ka hepatitis B, amaononga chiwindi koposa. Munthu wamkulu amene khosi ndi m'khwapa mwake mwada ndi kukhakhala modzidzimutsa, uku akuonda popanda chifukwa, ayenera kupimidwa m'chifu. Ayeneranso kupimidwa amene pamchombo pake patuluka kachotupa kolimba, ndi mayi amene khungu la bere lake lachita timaenje ngati khoko la lalanje.

Chizindikiro chodziwika koposa m'dziko lino ndicho mawanga akuda kapena ofiirira, otuluka kumiyendo, pamphuno ndi m'kamwa, miyendo n'kutupa, ndiyo nthenda imene Moritz Kaposi adailongosola ku Vienna mu 1872, ndi imene Dokotala Anne Bayley wa ku University Teaching Hospital ku Lusaka adaiona itakula ukali pakati pa anthu achichepere mu 1983, Edzi ikuyamba kufala. Mawangawa akamaoneka kunja, mwina alowa kale m'mapapo ndi m'matumbo. Koma ma ARV, pamodzi ndi mankhwala a khansa, amawagonjetsa mwa odwala ambiri.

Si chizindikiro chilichonse chimene chimalozera khansa, pakuti shuga ndi kunenepa nazonso zimadetsa khosi. Koma wosiyanitsa ndi dokotala, osati mphekesera za ufiti zimene zimatayitsa miyezi yamtengo wapatali. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko: woona kusinthaku apite msanga ku Chongwe District Hospital, kumene, kukafunika, adzam'patsa kalata yopita nayo ku Cancer Diseases Hospital ku Lusaka, chipatala chimene chidatsegulidwa mu 2007, ulendo wa makilomita ngati 45 okha pamsewu wa Great East.