CIBANGILI CA ZIKUMBUTSO: LUSO LOYAMBIRA PA KHONDE

Cimanga cikalowa m'nkhokwe ndipo thonje ndi nshawa zagulitsidwa, amai ndi atsikana a m'midzi amapeza mpata wokhala pa mphasa masana. Kale nyengo yotere ndiyo inali yotunga mikanda. Ambuye anali kuturutsa kacitini kao kucokera pansi pa kama, adzukulu nakhala mowazungulira, ndipo mwana anali kuphunzira ndi maso kufikira tsiku lopatsidwa singano. Masiku ano misika yadzala ndi zibangili za pulasitiki zimene zimasuluka ndi kuthyoka mwezi usanathe, ndipo odziwa kutunga ali kuceperacepera. Nkhalamba yodziwa ikamwalira popanda wophunzira, luso limapita nayo kumanda.

Pali mtundu umodzi wa cibangili umene munthu woyamba angathe kupanga masana amodzi, popanda makina ndiponso popanda kuononga ndalama zambiri. Ndi cibangili ca mikanda cokhala ndi tizinthu tolendewera. Kanthu kali konse kamaimira cina cace cimene cinacitika pa moyo wa mwini wace, monga kubadwa kwa mwana, ukwati, kutsiriza sukulu kapena caka ca zokolola zambiri. Cibangili cotere sicitha kupangidwa tsiku limodzi, pakuti mwini wace amaonjezapo pamene zaka zipita.

SI ZACILENDO M'DZIKO LINO

Kubvala mikanda ndi mkuwa pa mkono sikunabwere ndi masitolo. Mu 1960, anchito anali kukumba malo oikapo thanki ya madzi pa citunda ca Ingombe Ilede, pafupi ndi pamene mtsinje wa Lusitu uthira mu Zambezi, m'cigawo ca Kum'mwera. Iwo anapeza manda a anthu amene anaikidwa zaka 500 zapitazo kapena kuposerapo. Ena a iwo anaikidwa atabvala mikanda ya golide, mikanda ya galasi ndi zibangili za waya wamkuwa. Mikanda ya galasiyo inali kucokera kutsidya la nyanja ya mcere, ndipo inali kufika kuno ndi amalonda otsata mtsinje wa Zambezi. Mtsikana amene apinda waya wamkuwa pa khonde lero ali kugwira nchito imene amisiri a m'dziko lino anaidziwa kale-kale.

Mwambo wopacika kanthu ka cikumbutso pa cibangili unachuka kwambiri ku Britain m'nthawi ya Mfumukazi Victoria. Mu 1840, atabadwa mwana wao woyamba, mwamuna wace Albert anampatsa cibangili ca golide cokhala ndi kamtima kamodzi kolendewera. Mwana wina akabadwa, anali kuonjezapo kamtima kena, ndipo m'kati mwace anali kusungamo tsitsi la mwanayo. Timitimato tinakwana 9, monga mwa ciwerengero ca ana ao. Mai wa ku Katete kapena ku Petauke safunika golide kuti acite cimodzi-modzi. Njere ya mlambe yokonzedwa bwino ingathe kuimira mwana monga momwe kamtima ka golide kanacitira.

Apa payenera kumveka cinthu cimodzi. Cibangili ca zikumbutso si cithumwa. Mulibe mankhwala m'kati mwace, ndipo sicichinjiriza munthu ku matenda kapena ku tsoka. Nchito yace ndi kukongoletsa mkono ndi kusunga mbiri ya banja. Mwana akatentha thupi kapena akatsegula m'mimba, malo ace ndi ku cipatala, ngakhale atabvala mikanda ya mtundu wanji.

ZOFUNIKA KUSONKHANITSA

Woyamba afunika mikanda ya mitundu iwiri kapena itatu cabe, cifukwa mitundu yambiri imasokoneza maso ndi kuwerenga komwe. Mikanda yaikulu ngati njere ya mapira kapena kuposerapo ndiyo yabwino poyambira. Yaing'ono kwambiri idikire kufikira zala zitazolowera. Afunikanso ulusi wolimba. Nayiloni yopyapyala imene asodzi amamangira mbedza ndiyo yokhalitsa, ndipo imalowa yokha m'mkanda popanda singano. Amene alibe nayiloni angatenge ulusi wosokera, naupinda pawiri, naupaka phula la njuci kuti usafumuke kapena kubvunda ndi thukuta.

Zina zofunika ndi singano yopyapyala, lumo, batani limodzi laling'ono, msomali wa mainchesi atatu, waya wamkuwa wofewa, ndi kambano kacitsulo kamene okonza njinga amadulira ndi kupindira waya. Waya ungapezeke m'cingwe ca magetsi cimene cinatha nchito, pocotsa khungu lace la pulasitiki, kapena ungagulidwe m'sitolo ya zitsulo. Kudula waya pa mizere ya magetsi ndi mlandu waukulu, ndiponso kwapha anthu. Potsiriza pafunika mbale kapena licero loyalamo nsalu, pakuti mkanda wogwera m'mcenga subweranso.

KUYESA NDI KUTUNGA

Colakwa coyamba ca ophunzira ambiri ndi kuyamba kutunga asanayese mkono. Kayesedwe kace ndi kozunguliza kacingwe pa mkono, pamwamba pang'ono pa kafupa kotumphuka, ndi kuika cizindikiro pamene nsonga zikumana. Mikono ya amai ambiri imakhala ya masentimita 15 kufikira 17. Pa muyeso umenewu aonjezepo masentimita 2, kapena m'lifupi mwa cala cimodzi, kuti cibangili cisafinye. Ulusi audule wotalika kawiri kuposa muyesowo, cifukwa ulusi waufupi umabvuta kumanga mfundo ndipo nchito yonse ingamwazike pa mapeto peni-peni.

Asanatunge, wophunzira ayale mikanda pa nsalu mu mzere monga momwe afunira kuti ionekere. Kayalidwe kosabvuta ndi kotere: yoyera isanu, wofiira umodzi, yoyera isanu, wakuda umodzi, kenaka kubwereza. Pa mzere womwewo asankhe malo pamene tolendewera tidzakhala, motalikirana mofanana. Pa cibangili ca masentimita 18, malo asanu akwanira. Kusintha maganizo mikanda ili pa nsalu sikutaya nthawi, koma kusintha itatungidwa kale ndiko kumasula zonse.

Kutunga kumayamba ndi batani. Ulusi ulowe m'maso a batani kawiri, numangidwe mfundo zitatu zolimba. Kenaka mikanda ilowe umodzi-umodzi, kutsata mzere wa pa nsalu. Pofika pa malo a colendewera, alowetsepo kamphete ka waya pakati pa mikanda iwiri, napitirize. Mikanda isapanikizidwe kwambiri, cifukwa cibangili couma gwa sicipindika bwino pa mkono ndipo ulusi wace umaduka msanga. Pasiyidwe kampata kocepa ngati mkanda umodzi.

Pa mapeto pamapangidwa kamphete kolowetsamo batani. Wotunga aonjeze mikanda yaing'ono yokwanira kuzungulira batanilo, nabweze ulusi m'mkanda wotsiriza wa cibangili, ndipo ayese ngati batani lilowa mothina pang'ono. Likalowa mosabvuta, lidzaturukanso lokha pa mtondo kapena pa citsime. Atakhutira, amange mfundo zitatu, nabweze nsonga ya ulusi m'mikanda isanu asanaidule. Mfundo ya nayiloni imaterera, motero nsonga yace aiyandikize ku khala la moto kuti isungunuke pang'ono ndi kupanga kamutu. Aiyandikize cabe, asaikhudzitse, cifukwa moto ukafika pa mfundo cibangili catha.

TIMPHETE NDI TOLENDEWERA

Timphete ta waya timapangidwa pa msomali. Waya azungulizidwe mothithikana kasanu ndi kamodzi kapena kuposa, nabvulidwe pa msomali, kenaka adulidwe ndi kambano mu mzere umodzi. Pamenepo timphete tofanana timagwa tokha. Potsegula kamphete, nsonga imodzi ikankhidwe kutsogolo ndi inzace kumbuyo. Kukoka nsongazo cam'mbali kumaononga maonekedwe ace ndipo sikatsekekanso bwino. Nsonga zakuthwa zinoledwe pa mwala kuti zisakande khungu kapena kukola citenje.

Kusankha tolendewera ndiko mtima wa nchito yonse, ndipo zambiri zili kale m'nyumba. Batani la pa diresi ya ukwati, kakiyi ka sutukesi imene atate anapita nayo ku migodi, mkanda umodzi wotsala pa mikanda ya ambuye, njere ya bwemba ya pa mtengo wa pa mudzi wakale, kacidutswa ka cikho kosemedwa ngati khasu kapena nsomba: zonsezi zili ndi nkhani yace. M'mabokosi a akulu-akulu mumapezekanso mapeni a nthawi ya Citaganya ca Rhodesia ndi Nyasaland, ca 1953 kufikira 1963. Peni yace inali ndi njobvu ziwiri ndipo hafupeni inali ndi nyamalikiti ziwiri, zonse zoboola kale pakati. Ndalama zimenezi sizigulanso kanthu, pakuti dziko linayamba kugwiritsa nchito kwacha ndi ngwee mu 1968, ndipo zimangofuna kamphete kokulirapo kuti zilendewere. Ndalama imene ili kugwira nchito lero siyenera kubooledwa.

Njere ziyambe zauma bwino pa dzuwa, cifukwa yaiwisi imacita nkhungu ndi kung'aluka. Kuboola kwace ndi kwa singano yaikulu kapena sipoko ya njinga yonola, yotenthedwa pa makala ndi kugwiridwa ndi nsalu. Njere iikidwe pa thabwa, osati m'dzanja. Ikabooledwa, ipakidwe mafuta pang'ono kuti iwale. Woyamba apacike zinthu zitatu zokha, nasiye timphete tina topanda kanthu. Timeneto ndi ta zimene zidzacitika mtsogolo.

ZOYENERA KUPEWA

Si njere iri yonse yokongola imene iyenera kufika pa mkono. M'chire muli kamtengo koyanga kamene kamabala tinjere tofiira piriwiri, tokhala ndi banga lakuda ku nsonga imodzi. Tinjere timeneti tili ndi ululu woopsya, ndipo kamodzi kokha kotafunidwa kangathe kupha mwana. Kuboola kumaswa khungu lolimba limene limatsekera ululuwo. Mu 2011 masitolo ena a ku Britain anapempha anthu kubweza zibangili zopangidwa ndi tinjere timeneti kaamba ka ngozi yomweyi. Njere za nsatsi nazonso zili ndi ululu. Mtobvu wa m'mabatire akale suyenera kusungunulidwa kuti upange zokongoletsa, cifukwa umaononga ubongo wa ana.

Makoza a minyanga ya njobvu anali ulemu wa makolo, koma nthawi yace inapita. Mu 1989 maiko anagwirizana kuletsa malonda a minyanga pakati pao, ndipo m'Zambia kupezeka ndi mnyanga popanda cilolezo ca boma kumafikitsa munthu ku khoti. Fupa la ng'ombe lophikidwa, loumitsidwa ndi kupalidwa bwino limayera mokwanira.

Cibangili ca tolendewera si ca khanda kapena ca mwana wosakwana zaka zitatu. Ana otere amaika ciri conse m'kamwa ndi m'mphuno, ndipo mkanda kapena batani lingatseke njira ya mpweya. Mai woyamwitsa aonetsetse kuti timphete ta cibangili cace ndi totsekeka, ndipo mbale ya mikanda ikhale patali ndi wokwawa. Mkuwa ukasiya banga lobiriwira pa khungu, pasakhale mantha, pakuti limacoka ndi sopo. Mkuwawo umawalanso ukatsukidwa ndi madzi a ndimu ndi mcere pang'ono.

PHINDU LACE

Cibangili coyamba kawiri-kawiri cimaturuka cokhota, cothina kapena cokhwepa. Akulu anati kuona maso a nkhono nkudekha. Wophunzira amasule, natungenso, pakuti mikanda siionongeka ndi kumasula. Pofika pa cacitatu zala zimakhala zitadziwa njira.

Amene dzanja lace lakhazikika angapezemo ndi ndalama. Anthu ambiri amasonkhana pa Nc'wala ku Mtenguleni mwezi wa February ndi pa Kulamba ku Mkaika mwezi wa August, ndipo alendo opita kukaona nyama ku cigwa ca Luangwa amakonda zinthu zopangidwa ndi manja. Makalabu a amai angathe kusonkha ndalama ndi kugula mikanda yambiri pamodzi ku Chipata kapena ku Lusaka, kumene mtengo umatsikako. Poika mtengo wa cibangili, awerengere mikanda, ulusi, waya ndi maola amene nchitoyo yatenga. Ambiri amaiwala maolawo, ndipo amagulitsa thukuta lao kwaulere.

Koma cibangili coyamba cisapite ku msika. Mtsikana amene afuna kupacika mkanda wa ambuye ace ayenera kupita kukaupempha, ndipo popempha adzamva kumene unacokera, amene anaugula ndi caka cimene anaubvala. Zambiri za m'banja sizinalembedwe m'buku liri lonse. Cilimwe cino cisanathe, pamene akulu odziwa akali ndi moyo, ndi bwino kuti kacitini kaja katurutsidwe ndipo mphasa iyalidwe pa khonde.