Kukopera munthu sikungabweze mwana amene tinamuika m'manda

Ife ogwira ntchito ya maselo ndi DNA timafunsidwa kawirikawiri ngati n'zoona kuti asayansi angatenge kachidutswa ka thupi la munthu n'kupanga wina wofanana naye ndendende. Ambiri ofunsa amakhala oti mwana anawasiya, kapena akhalitsa m'banja opanda mphatso, akuchimuna akuwanena.

Palibe zamatsenga apa. Mlimi wa chinangwa amachita zomwezi chaka ndi chaka: amadula mtengo wake, kuubzala, chomeracho n'kutengera kholo lake zonse. Pa nyama m'pamene pali ntchito. Timatenga dzira la yaikazi, diso lili pa maikulosikopu, n'kuyamwa DNA yake ndi kasingano kagalasi kopyapyala kwambiri. Mmenemo timaikamo selo la nyama yomwe tikufuna kuikopera, n'kulidzidzimutsa ndi timagetsi kuti liyambe kugawikana. Pakapita masiku ochepa limaikidwa m'chiberekero cha ina. Umuna sulowapo.

Umu ndi mmene nkhosa Dolly inabadwira pa 5 July 1996 ku Roslin Institute, ku Scotland, kuchokera ku selo la bere la nkhosa ya zaka 6. Zomwe anthu saziwerengera ndi izi: gulu la wasayansi Ian Wilmut lomwe linaikopera linagwiritsa ntchito mazira 277, okwana 29 okha ndiwo anafika poikidwa m'chiberekero, ndipo inabadwa ndi Dolly yokha. Ku Shanghai, anyani okoperedwa Zhong Zhong ndi Hua Hua atalengezedwa mu 2018, ena awiri okoperedwa ku maselo a nyani wamkulu anali atafa atangobadwa.

Tsono pamalo pa nkhosazo ikanipo amayi. Ndani apereke mazira mazanamazana atabayidwa jakisoni wa mahomoni? Ndani apite padera kangapo kuti kafukufuku atheke? Ku South Korea, wasayansi Hwang Woo-suk, amene zonena zake za 2004 ndi 2005 zoti wakopera maselo a munthu zinapezeka kuti n'zabodza, ena mwa mazira anawatenga kwa amayi ogwira ntchito pansi pake. Wopanda mphamvu ndiye amayamba kupereka thupi lake, ndipo zimenezi zimandiwawa.

Ngakhale zitatheka, wobadwayo angakhale ngati mnzake wamapasa wobwera mochedwa, wa mtima wakewake. Mphaka CC, wokoperedwa ku Texas mu 2001, sanafanane ngakhale mawanga ndi mphaka amene anamukoperako. Mwana wotere angakule akuyerekezedwa ndi malemu tsiku lililonse, kulakwa kwake kukhala kusafanana nawo.

UNESCO inanena mu 1997 kuti mchitidwewu ukunyozetsa ulemu wa munthu, ndipo Britain ndi South Africa anauletsa ndi lamulo. Ine ndili nawo mbali imodzi. Mpaka lero palibe umboni woti munthu wokoperedwa anabadwapo, ndiye wokulonjezani zimenezi akufuna ndalama zanu. Ngati vuto ndi kusabereka, pitani kuchipatala nonse awiri, bambo ndi mayi, mukayezedwe.