KAMERA IKATSIMPHINA MWINOGHE ALI PAKATI

Kumapiri a Misuku, m'boma la Chitipa, kufupi ndi mtsinje wa Songwe umene umalekanitsa dziko lathu ndi Tanzania, kuli gule wotchedwa Mwinoghe. Eni ake ndi Asukwa, Andali ndi Abandya, ndipo m'chaka cha 2018 bungwe la UNESCO linamulemba m'kaundula wa miyambo yofunika kusungidwa pa dziko lonse. Ovina amaima m'mizere iŵiri, amuna uku, akazi uko. Nyimbo palibe, chimene chimatsogolera ndi ng'oma zitatu, wenzulo ndi mau a mtsogoleri. Phazi limasintha msanga, thupi n'kupotokola, ndipo kaimidwe kokongola kamene diso laona kamatha munthu asanaphethire.

Tsono pali anyamata ndi atsikana amene anatsiriza sukulu, omwe akupeza ya sopo potola zithunzi pa maukwati, pa zochitika za kusukulu ndi pa magule otere. Dandaulo lao limakhala lofanana. Munthu amadina batani osachotsa chala kuti kamera itole zithunzi zambiri motsatizana. Iyo imayamba bwino, tche tche tche, koma patapita kamphindi imayamba kutsimphina, chithunzi chimodzi pano, china patali, pamene gule wafika pokoma. Ena amayesa kuti yaonongeka, nayamba kufuna ndalama yopita nayo ku Mzuzu. Kamerayo sikudwala ayi.

Amene anafikako kumene alimi a ku Misuku amaperekera khofi wao amvetsa msanga. Makina ochotsa makoko ali ndi pothirira pamwamba, koma pakhosi pake pamadutsa khofi woŵerengeka pa nthaŵi imodzi. Alimi akakhuthula madengu mothamanga, pothirirapo pamadzaza, ndipo wotsatira ayenera kudikira kufikira malo atapezeka. M'kamera mulinso malo otero, amene opanga ake amawatcha buffer. Ife tiziti kankhokwe, poopa kuti wina angamve ngati tikunena bafa losambiramo. Chithunzi chikatoledwa chimayamba chaima m'kankhokwe kameneka, kenaka n'kutsikira ku khadi losungira zithunzi. Kankhokweko n'kofulumira koma n'kakang'ono, pamene khadi n'lalikulu koma lochedwa kulandira.

Tiyeni tichite samu, monga m'kalasi. Tiyerekeze kamera yotola zithunzi 6 pa sekondi, ndipo chithunzi chilichonse cha mtundu wa RAW chikulemera 25 MB. Ndiye kuti pa sekondi iliyonse m'kankhokwe mukuloŵa 150 MB. Ngati khadi likulandira 30 MB pa sekondi, zotsala 120 MB zikuunjikana. Kankhokwe kakadzaza, kamera singatole china kufikira chimodzi chitatsika, ndipo liŵiro lake limagwa kuchoka pa zithunzi 6 kufika pafupi chimodzi chokha pa sekondi. Kutsimphina kuja ndi kumeneku.

Kankhokwe simungakakuze, popeza kanamangidwira m'kamera momwemo. Khadi ndilo mungasinthe, koma apa m'pamene anthu ambiri amatayira ndalama. Nambala yaikulu yolembedwa pa khadi kaŵirikaŵiri imanena za liŵiro lotulutsira zithunzi popita nazo ku kompyuta, osati lolandirira. Yang'anani tizizindikiro tating'ono. Class 10 ndi U1 zimalonjeza kuti khadi silidzatsika pa 10 MB pa sekondi. U3 ndi V30 zimalonjeza 30. V60 ndi V90 zimalonjeza 60 ndi 90. Makhadi a UHS-II ali ndi mzere wachiŵiri wa timano ta chitsulo kumbuyo kwake, ndipo ngothamanga zedi, koma mukaŵaika m'kamera imene imangodziŵa UHS-I amayenda ngati a UHS-I basi. Kugula khadi lotere la kamera yakale n'kuveka nkhalamba nsapato zothamangira. Chenjeraninso ndi makhadi achinyengo, amene pachikuto amalemba zambiri koma m'kati muli zochepa. Mukagula khadi, yambani mwaliyesa kunyumba, ndipo mulifufute ndi lamulo la Format m'kamera momwemo mutasamutsa kale zithunzi zonse zofunika.

Njira yosalira ndalama ndiyo kupeputsa katundu. Chithunzi cha JPEG n'chopepuka kwambiri kuposa cha RAW, choncho kankhokwe kamalandira zambiri kasanadzaze. Amene amalamula kamera kuti izisunga mitundu yonse iŵiri nthaŵi imodzi akudzimanga okha miyendo. RAW ili ndi ubwino wake kwa munthu amene adzakonza zithunzizo pa kompyuta. Koma wongofuna kuzitsuka n'kupereka kwa eni ukwati, ine ndiona kuti JPEG imukwanira. Pa makamera ena, malamulo oti kamera iziyeretsa yokha timadontho ta m'chithunzi cha mumdima, kapena kuongola kupindika kwa galasi, amachepetsanso chiŵerengero cha zithunzi zotsatizana. Kamera imakuuzani yokha malo amene atsala. Pa Nikon, mukadina batani pang'ono, pamaoneka chilembo cha r ndi nambala pambali pake. Pa Canon nambalayo imaoneka poyang'anira. Ndipo kanyali kosonyeza kuti khadi likulandira kakayaka, musatulutse khadi kapena batire, chifukwa zithunzi zimene zikadali m'kankhokwe zikhoza kutayika.

Sikuti kuchedwa kulikonse n'kwa kankhokwe. Amene amaloŵa m'nkhalango za Mughese, Wilindi ndi Matipa kukatola mbalame amadziŵa mdima wa pansi pa mitengo ija, makamaka kukagwa nkhungu. Kuŵala kukachepa, chitseko cha kamera chimakhala chotsegula nthaŵi yaitali. Chikamatenga theka la sekondi pa chithunzi chimodzi, simungapeze zoposa ziŵiri pa sekondi ngakhale khadi lanu likhale la mtengo wotani. Batire lofooka nalo limachedwetsa makamera ena. Kusiyanitsa kwake n'kosavuta: ngati kamera yachedwa kuyambira pa chithunzi choyamba, yang'anani kuŵala ndi batire, ikayamba mothamanga n'kufooka pambuyo, vuto ndi kankhokwe.

Ojambula akale, aja oyenda panjinga m'midzi, anali ndi filimu ya zithunzi 36 zokha, ndipo asanadine ankayamba aonetsetsa. Wamakono ali ndi khadi lolandira zithunzi zikwizikwi, koma pa masekondi ochepa amene gule wafika pachimake, naye ali ndi zoŵerengeka. Apa Mwinoghe amamuthandiza wojambula kuposa magule ena. Popeza ovina amatsata wenzulo ndi mau a mtsogoleri, khutu limamva kusinthako maso asanakuone. Amene waonerera guleyu kangapo amadziŵa pamene mizere iŵiri ija iyandikane ndi pamene phazi lidzuke. Iyeyo amadina zithunzi zitatu kapena zinayi, n'kuchotsa chala, kankhokwe n'kumatsitsa katundu pamene ovina akubwerera m'malo. Mlendo amene saudziŵa guleyu amadina ng'oma ikangoyamba, ndipo pofika pokoma kamera yake ili yodzaza ndi zithunzi za anthu oima chilili.

Kwa aphunzitsi anzanga amene muli ndi gulu la magule pasukulu, ntchito iyi siifuna zida zambiri. Tengani wophunzira amene akufuna kujambula, akhale pa zokonzekera za gule masana aŵiri kamera ili m'thumba, akuŵerenga kulira kwa wenzulo ndi kulemba m'kope zimene ovina amachita kukangolira. Tsiku lachitatu adine batani osachotsa chala, aŵerenge zithunzi zimene kamera yatola isanatsimphine, ndiponso masekondi amene kanyali kaja katenga kuti kazime. Abwerezenso zomwezo ndi JPEG, kenaka ndi khadi lina ngati lilipo, ndipo manambala onsewo awalembe pa tsamba lomwe pali za wenzulo paja.