Kodi Kanema Adaphadi Wailesi?

M'chaka cha 1979 anyamata aŵiri a ku Mangalande, Trevor Horn ndi Geoff Downes, otchedwa The Buggles, adatulutsa nyimbo ya "Video Killed the Radio Star", yodandaula kuti kanema wagwetsa oimba a pawailesi. Nyimboyi idaposa zonse pa malonda kwawoko, ndipo pa 1 Ogasiti 1981 ndiyo idatsegulira wailesi yakanema ya MTV ku Amereka.

Koma ulosiwo sudafike msanga ku Jenala, m'boma la Phalombe, pakuti Malaŵi adakhala wopanda wailesi yakanema mpaka 1999. Anthu ankazungulira wailesi ya mabatire madzulo, namamvera pa MBC Allan Namoko, woimba wosaona wa ku Thyolo. Iye sadawaone omvera ake, ambiri mwa iwonso sadamuone. Adamkonda ndi khutu lokha.